Tsamba Lovina la Achemwali

Kuchipinda chakumbuyo kwa nyumba yawo, kumene anthu ena akadasungirako njinga yakufa ndi mipando yothyoka miyendo, bambo wina ndi mkazi wake anaikako matebulo awiri, makompyuta awiri ndi fani yolira ngati ili ndi chifuwa. Imeneyo ndiyo inali ofesi. Ntchito yawo inali yokonzera anthu masamba a pa intaneti: wogulitsa matayala, dokotala wa mano, sukulu ya mkaka, aliyense wofuna kuti anthu azimupeza pafoni. Mkazi ankagwira zam'kati, zosaoneka ndi maso, zoti munthu akadina batani uthenga ufikedi kwa mwini wake. Mwamuna ankagwira zakunja, mitundu ndi zithunzi ndi kakhalidwe ka zilembo.

Dzina lenileni la mwamunayu anthu analiiwala kalekale. Onse ankamutcha Kamodzinso, chifukwa ntchito ikatha, mwini wake atanena kale kuti wakhutira, iye ankapendeketsa mutu, n'kuluma mlomo, n'kupempha kuti angowonjezako kanthu kamodzinso. Kamodzi kameneko kankabereka ana, ana n'kubereka zidzukulu. Musamuganizire zoipa, ayi ndithu. Anali munthu wa chimwemwe chosefukira, woseka ndi thupi lonse, woti akatulukira kanthu kokongola ankadzuka pampando n'kuvina yekha pakati pa mawaya. Chilema chake chinali chimodzi, choti maso ake sankakhuta.

Mlongo wake wamkulu anali telala. Sukulu yonse ya Kamodzinso inachokera kuphazi la achemwali akewa, lomwe linapalasa makina osokera mpaka kuchita zikang'a. Shopu yawo inali yopapatiza, yopanikizidwa pakati pa malo ogulitsira mankhwala ndi kachipinda ka munthu wosula makiyi, ndipo m'menemo ankasoka makatani, nsalu zoyala pabedi ndi mayunifolomu. Anali ndi amayi awiri owathandiza kusoka, koma chaka chimenecho ntchito inali itauma. Makina ankakhala chete tsiku lathunthu, ndipo achemwali anali atawauza kale amayi aja mosabisa kuti zinthu zikapanda kusintha, pakutha pa mwezi adzasiyana.

Ndiye kunabwera foni. Kumapeto kwa msewu waukulu kunkamalizidwa hotela yatsopano, ndipo mayi woyang'anira zogula za hotelayo anali atamva mbiri ya manja a achemwali. Ankafuna makatani a zipinda zonse, zoyala pabedi ndi zovala za antchito. Koma eni hotela ankakhala kutali, ndipo ankafuna kuona ntchito ya telala aliyense pa intaneti asanavomere. Mayiyo anati Lachisanu adzayang'ana tsamba la achemwali ali m'njira, adzadutsa pashopu, ndipo masana omwewo adzatumiza kwa mabwana ake dzina la telala amene wamusankha. Achemwali anati inde, inde, tsamba lilipo, pomwe tsamba panalibe. Atangodula foni anakwera basi kupita kwa mlongo wawo.

“Iwe, ndikufuna zithunzi za ntchito yanga ndi nambala yanga ya foni,” anatero atakhala pampando wa alendo, chikwama chili pamiyendo. “Basi. Wamva?”

Kamodzinso anamva, koma anamva ndi khutu limodzi. Linalo linali litayamba kale kumva nyimbo. Apa, anaganiza, ndi pamene adzabweze ulemu wa phazi lija. Dziko lonse lidzadziwa kuti achemwali ake analera munthu.

Mkazi wake anamanga tsambalo m'mawa umodzi: zithunzi za makatani omwe achemwali anapachika m'nyumba za anthu, mayunifolomu a kusukulu ndi kuchipatala, nambala pamwamba, batani lolembera uthenga pansi. Linkatseguka munthu asanaphethire. Kenaka analipereka kwa mwamuna wake kuti alidzoze mafuta pang'ono.

Choyamba Kamodzinso anaika makatani awiri ofiira oti tsamba likamatseguka azipatukana pang'onopang'ono. Anaitana mkazi wake kuti adzaone, ndipo mkaziyo anaomba m'manja, chifukwa kunena zoona zinakoma. Chachiwiri anaika singano yasiliva yosoka dzina la shopu chilembo ndi chilembo, ulusi ukutsatira pambuyo. Zimenezinso zinakoma, ndipo anaseka onse awiri. Akadalekera pomwepo, nkhani ino sikadakhalapo.

Koma Kamodzinso ataona singano ikusoka anafunsa kuti nanga lumo lalakwanji. Lumo linabwera, lotsatira chala cha munthu paliponse pamene chakhudza, likutsegula ndi kutseka kukamwa. Zithunzi za makatani zinaleka kungokhala. Chilichonse chinkalowa chikuzungulira, n'kuima pang'ono, n'kutuluka chikugudubuzika. Mayunifolomu anayamba kuguba opanda anthu m'kati, kuchokera kumanzere kupita kumanja. Kumbuyo kwa zonsezi anayala nsalu yamizeremizere yoti munthu akamatsika ndi tsamba, iyo izikwera. Batani lolembera uthenga analiphunzitsa kudumphadumpha kuti lisaiwalike. Mabatani a malaya ankagwa kuchokera kumwamba ngati matalala. Chilichonse akamaliza ankakankha mpando, n'kuzungulira nawo, n'kufuula kuti mayi abwere adzaone, ndipo mkazi wake ankabwera ndi kapu ya tiyi m'manja, akuseka mocheperachepera tsiku ndi tsiku.

Masiku amenewo m'nyumbamo munali ngati mwagwa ukwati. Kamodzinso ankaimba m'bafa. Ankadya ataimirira. Akapita kogula buledi ankaonetsa tsambalo kwa wogulitsa, kwa mlonda wa pageti, ngakhale kwa munthu amene wangomufunsa njira. Anthu ankati eee, koma ndiye zilikotu, ndipo iye ankabwerera kunyumba mapazi osagunda pansi.

Tsiku lina foni yake itatha moto anatenga ya mkazi wake kuti aonenso ntchito yake. Anatsegula tsamba, ndipo mtima unamuthawa. Makatani anali otsegula kale, singano itagona, mayunifolomu ataima ngati ali pamzere wa chipatala. Palibe chinkagwedezeka. Anathamangira kukhitchini akunena kuti tsamba lamwalira.

Mkazi wake sanasiye kutsuka mbale. Anamufotokozera modekha zomwe iye mwini ankazidziwa kale koma sankazikonda: kuti m'foni muli malo amene munthu amatha kuuza foniyo kuti zinthu zoyendayenda zimamudwalitsa, ndiye zichepe. Foni imanong'oneza tsamba lililonse pempho limeneli, ndipo tsamba laulemu limamva n'kukhala phee. Anati alipo anthu odwala chizungulire, a mutu waching'alang'ala, ena a khunyu, amene zinthu zozungulira ndi zothwanima zimawagwetsa. Iye anali atalemba mizere yochepa m'kati mwa tsambalo yoti lizimvera anthu otere, ndipo foni yake anaitchera motero kuti ayese ngati zikugwira.

“Ndiye kuti munthu abwere kuphwando langa,” anatero Kamodzinso, “n'kuuza oimba kuti akhale chete?”

“Si phwando lanu, bambo. Ndi shopu ya alamu. Ndipo munthuyo sakuletsa ena kuvina, akungopempha kuti iye musamukokere m'bwalo.”

Kamodzinso anavomera ndi mutu, monga amachitira amuna amene sanavomere. Zinamuwawa kuganiza kuti kwinakwake kuli munthu amene adzatsegule tsamba lake osaona singano ija, thukuta lake lonse n'kupita m'madzi. Anadziuza kuti anthu amatchera zinthu m'mafoni mwangozi n'kuiwala, ndipo akadzaona kukongola adzamuthokoza. Madzulo ake, mkazi atapita kukaona mnzake wodwala, iye anatsegula m'kati mwa tsamba, napeza mizere ija, naifufuta. Atayesanso pafoni ina yotcheredwa motero, lumo linadzuka n'kuyamba kudya mpweya, ndipo iye analipatsa moni ngati m'bale wochira.

Machenjezo anabwera, sikuti sanabwere. Mmodzi wa amayi osoka aja, wa foni yakale yomangidwa ndi mphira, anati atatsegula tsambalo foni inatentha moti akadasitira nayo kolala, ndipo inauma makatani asanamalize kutseguka. Kasitomala wina wachikulire, wa maso ofooka, anadandaula kuti akati awerenge mawu, mawuwo athawa. Akati adine batani, batani lalumpha. Wina anati bandulo yake inatha akudikira singano kuti imalize chilembo chachitatu. Achemwali anamufikitsira zonsezi mlongo wawo, nkhope itakwinyika, koma iye anangoseka mpaka misozi. Anati foni ija yatentha ndi nsanje, ndipo anthu a kuhotela sayenda ndi mafoni omanga ndi mphira. Achemwali za makompyuta sankazidziwa, ndipo munthu amene unamuphunzitsa wekha sukulu ndi wovuta kumutsutsa. Anangoti chabwino, ndiwe ukudziwa.

Lachisanu Kamodzinso anadzuka ndi nzeru ina. Galasi la foni ndi laling'ono, ulemerero wotere sungakwanemo. Anachotsa tivi pabalaza, naikulunga m'bulangete, naikweza pa takisi, mkazi wake akutsatira ndi thumba la mawaya. Kushopu anasuntha chidole chovekapo madiresi, nakhoma tivi pakhoma moyang'anizana ndi khomo. Anali atavala jekete ya kutchalitchi. Amayi osoka nawonso anatengera chimwemwe chake. Anasesa kawiri, anapukuta makina, ndipo wa foni yamphira uja anali akuyeza kale ndi maso pamene pangakhale makina ena ntchito ikabwera. Ngakhale achemwali anagonja n'kumwetulira. Wosula makiyi anasuzumira kufunsa ngati kuli chinkhoswe cha munthu, ndipo anamuuza kuti adikire aone.

Dzuwa litakwera galimoto yoyera inaima pakhomo. Dalaivala anatuluka msanga n'kutsegula chitseko chakumbuyo. Anatsika mayi wamsinkhu, wovala bwino, foni ili m'manja, koma ankayenda ngati akuwoloka pa mtengo. Atafika pakhomo anagwira mphuthu ya chitseko, maso atatsinzina theka, napempha mpando ndi mawu otsika.

Kamodzinso anagunda achemwali ake ndi chigongono. Anawanong'oneza kuti taonani, lawagwira, miyendo yachita kulefuka. Iye anali ataonapo anthu akudabwa ndi ntchito yake, koma wofika pogwira khoma anali asanamuone. Chimwemwe chinamukwera kumutu. Asanamalize achemwali kupereka moni, iye anali atayatsa kale tivi.

Makatani ofiira aakulu ngati chitseko anapatukana. Singano yotalika ngati mkono inabaya dzina la shopu. Nsalu yamizeremizere inayamba kukwera, zithunzi zikutsika mozungulira, mayunifolomu akuguba, mabatani akugwa, lumo likuthamangitsa chilichonse. Kamodzinso anaima pambali akutambasula manja, akufotokoza kuti ichi n'chiyambi chabe, adikire aone zoyala pabedi mmene zimadzipindira zokha. Mayi aja anaphimba maso ndi dzanja. Iye anawatsimikizira kuti asachite manyazi, iyenso tsiku loyamba anatsinzina ndi chisangalalo. Mayi aja anatambasula dzanja linalo ngati akufufuza kanthu mumdima, ndipo iye anatsala pang'ono kuwagwira chanza. Mmodzi wa amayi osoka ndiye anazindikira msanga. Anakankhira pafupi dengu lotayamo zidutswa za nsalu, ndipo linafika pa nthawi yake.

Mkazi wa Kamodzinso anazula waya kukhoma.

Anawapatsa madzi, anawapukuta kumaso ndi kansalu konyowa. Patapita nthawi mayi aja analankhula, maso ali pansi, osakweza mawu. Anapepesa chifukwa cha dengu. Anati ali ndi vuto la m'khutu lomwe limawachititsa chizungulire, ndipo zinthu zozungulira pagalasi zimawadzutsira matendawo. Tsambalo analitsegula ali m'galimoto, ndipo anapirira nalo chifukwa ankafunitsitsa kuona katani imodzi yokha itaima, aone mmene yasokedwera. Sanaione.

“Foni yangayi ndinaiuza kuti zinthu zisamayendeyende,” anatero. “Masamba a anthu ena amamva. Lanu lokha ndi logontha.”

Mkazi wa Kamodzinso anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana mwamuna wake. Kamodzinso anamva jekete ikumuthina m'khwapa. Anayamba kufotokoza kuti mwina ndi netiweki.

Achemwali anagwada pafupi ndi mpando. Anapempha kuti mayi angokhalako pang'ono, awatulutsire nsalu, aone ndi manja awo. Koma makatani omalizidwa anali m'nyumba za eni ake, ndipo m'shopu munali mipukutu chabe. Mayi aja anapukusa mutu pang'ono, n'kudandaula ndi kupukusako. Anati mmene zilili sangathe kuyang'ana nsalu iliyonse yamizere kapena yamaluwa. Chomwe akufuna ndi chipinda chamdima ndi pilo. Mabwana akudikira dzina masana omwewo, ndipo mmodzi wa iwo ndi nkhalamba yowerenga ndi zilembo zazikulu. Iwo sangawatumizire chinthu chomwe chawagwetsa iwo eni. Panali telala wina amene tsamba lake analiona dzulo lake, la zithunzi zongokhala. Ntchito yake sinali yodabwitsa, koma inaoneka. Dalaivala anawagwira mkono, ndipo anatuluka pang'onopang'ono monga analowera.

Galimoto isanakhote, Kamodzinso anali atakhala kale pansi, pakati pa ulusi ndi zidutswa, kompyuta ili pamaondo. Sanabwezeretse mizere ija yokha, anazimitsa zonse. Singano inagona, lumo linatseka pakamwa, mayunifolomu anaima, nsalu yakumbuyo inakhazikika. Zomwe anamanga masiku onse aja anazitontholetsa madzi a tiyi asanawire. Mayi wa foni yamphira anayesa kutsegula, ndipo tsamba linatseguka nthawi yomweyo, zithunzi zonse zili mbee, nambala pamwamba, batani litakhala pamalo pake. Achemwali anatumiza uthenga wopepesa kwa mayi a kuhotela, wowapempha kuti ayang'anenso, tsopano palibe chogwedezeka.

Anadikira. Palibe anapita kukadya. Kamodzinso ankayang'ana foni ya achemwali ake pa tebulo lodulira nsalu, ndipo nthawi iliyonse ikawala mtima wake unkadumpha. Chiyembekezo n'chouma mutu. Anayambanso kunong'oneza mkazi wake kuti anthu otere amakhululuka, mwina mawa adzaseka nazo. Mkazi wake anapitiriza kukulunga mawaya.

Yankho linabwera dzuwa litapendeka. Achemwali anawerenga okha, kenaka anawerenga mokweza kuti onse amve. Mayi aja anati apezako bwino, tsamba aliona, ndipo manja a achemwali ndi abwino kuposa mmene anthu anawauzira. Akadaliona motere m'mawa, sakadayang'ana kwina. Koma dzina anali atatumiza kale, ndipo mabwana avomera.

Achemwali sanakalipe, ndipo zimenezi zinapweteka kuposa mbama. Anaika foni pansi, natenga nsalu yophimbira makina, nayamba kuphimba makina a amayi aja, amodzi kenaka enawo, akukoka m'makona kuti fumbi lisalowe. Amayi awiriwo anamvetsa popanda kuuzidwa. Wa foni yamphira anatola lumo lake ndi tepi yoyezera, naziika m'chikwama, natsanzika mwaulemu ngati tsiku lina lililonse. Kamodzinso anadzuka pansi paja. Anachita manyazi amene anali asanawamvepo chibadwire, ndipo analira poyera, bambo wamkulu wa jekete, wosula makiyi akuonerera pawindo.

“Usalire, iwe,” anatero achemwali, osamuyang'ana. “Chilichonse chimene unaikamo chinali chokongola. Nyamula tivi yako, ndikufuna kutseka.”

Anainyamula yekha, atakana thandizo, n'kuima nayo m'mbali mwa msewu kudikira takisi, mkazi wake ali patali pang'ono ndi thumba la mawaya. Makatani aja anakomadi, singano inakoma, lumo linakoma, ndipo palibe chimodzi mwa izo chomwe chikadagwetsa munthu pachokha. Koma iye anazifuna zonse pa nthambi imodzi, mpaka kutseka khutu kwa wodwala amene anangopempha bata, ndipo amene anatsala manja ali m'khosi ndi mlongo wake ndi amayi awiri osalakwa. Akuluakulu sananame pamene anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.